Saint-Georges: Mwana wa Kapolo Amene Anatsogolera Oimba a ku Paris

Awerengi athu ambiri, makamaka aphunzitsi, anamvapo za Mozart ndi Haydn, koma ndi owerengeka amene adziwa dzina la Joseph Bologne, wotchedwa Chevalier de Saint-Georges. Iyeyu anabadwa pa 25 Disembala 1745 pa chilumba cha Guadeloupe. Atate wake anali Mfalansa mwini minda, ndipo amake, dzina lawo Nanon, anali kapolo wachikuda wa pa mindayo.

Akali mwana anamutengera ku France, kumene anayamba kutchuka ndi lupanga asanatchuke ndi nyimbo. Anaphunzira masewera a malupanga kwa La Boëssière, ndipo akali mnyamata anagonjetsa katswiri wina wa ku Rouen, Alexandre Picard, amene anamunyoza poyera chifukwa cha khungu lake.

Tsono mu 1769 analowa gulu la oimba la Concert des Amateurs monga woliza vayolini, ndipo pofika 1773 utsogoleri wa gululo unali m'manja mwake. Anapeka nyimbo zambiri za vayolini, zofuna zala zofulumira ndithu, ndiponso anali mmodzi wa oyamba m'dziko la France kupeka nyimbo za zoimbira zinayi zansambo. Ndiyenso anatsogolera gulu la Loge Olympique poimba koyamba nyimbo zisanu ndi imodzi zimene Haydn analembera mzinda wa Paris. Pa masewero ake oimba, lotsala lathunthu ndi limodzi lokha, L'Amant anonyme, la mu 1780.

Chimene sichiiwalika ndi cha mu 1776. Dzina lake litamveka kuti ndiye adzayang'anira Opéra ya ku Paris, akazi atatu otchuka a m'nyumbamo analembera Mfumukazi Marie Antoinette kuti sangalole kulamulidwa ndi munthu wa khungu lotero. Luso lake panalibe wolitsutsa. Mlandu unali amake basi. Iye anachotsa dzina lake.

Ufumu utagwedezeka, mu 1792 anakhala mkulu wa gulu la asilikali achikuda, ndipo pansi pake panali Thomas-Alexandre Dumas, atate wa mlembi wotchuka uja. Chaka chotsatira boma lomwe analitumikiralo linamutsekera m'ndende miyezi yambiri. Anamwalira ku Paris mu Juni 1799, ndipo patangopita zaka zitatu Napoleon anabwezeretsa ukapolo ku Guadeloupe.

Ena amutcha Mozart wakuda, dzina limene ife sitiliyanja konse, pakuti Mozart anali wamng'ono kwa iye ndi zaka khumi.