M'bona wa ku Khulubvi

Agiriki akale ankasimba za Dionysus, mulungu wa vinyo, kuti anabadwa modabwitsa, anaphedwa mwankhanza, koma anthu sanaleke kumupembedza. Kuno kwathu amene mbiri yake imafanana ndi imeneyi ndi M'bona, woitanitsa mvula wa Amang'anja a kuchigwa cha Shire.

Mbiri ya M'bona siinalembedwe pa nthawi ya moyo wake, choncho imasimbidwa mosiyanasiyana. Ena amati mayi ake, a Chembe, anatenga pakati osadziwa mwamuna. Atakula, kudagwa chilala. Malume ake, a Mlauli, anavina kuti mvula igwe koma inakana. M'bona atavina, mvula inagwa. Apa ndi pamene panayambira nsanje, ndipo M'bona anathawa kulowera kummwera. Anthu amaloza zizindikiro pamiyala ina nati ndi pomwe iye anapumulapo pa ulendowo.

Adani ake anamupeza ku Ndione, m'boma la Nsanje. Akuti mikondo ndi mipeni zinalephera kumulasa mpaka iye mwini atawauza kuti amudule ndi tsamba. Magazi ake anayenderera nasanduka mtsinje. Mutu wake anakauika m'nkhalango ya Khulubvi, komwe anamanga kachisi wake. Kumeneko kunkakhala mayi wotchedwa Salima, amene ankatengedwa ngati mkazi wa mzimu wa M'bona.

Nkhani zina zimati amene anatuma anthu kukamupha ndi mfumu Lundu. Bambo Matthew Schoffeleers, m'buku lawo la River of Blood la mu 1992, anafotokoza kuti kusiyanaku kuli ndi chifukwa. Mafumu, osunga kachisi ndi anthu wamba, gulu lililonse linkasimba nkhaniyi mokomera mbali yake pa funso loti mwini dziko ndi mvula ndani. Chikhristu chitafika, ena anayamba kumutcha Yesu wakuda.

Ngati M'bona anaphedwa kuti aiwalike, omuphawo sanapindule. Mafumu omwewo anayenera kumatumiza nsembe ku Khulubvi chilala chikavuta, ndipo wobwebweta mzimu wake ankatha kudzudzula olamula. Steve Chimombo analemba sewero la The Rainmaker kuchokera pa mbiriyi, ndipo mu 2011 dziko la Malawi linapereka dzina la Khulubvi ku bungwe la UNESCO kuti malowa aganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi.