Dennis Ritchie: mkulu amene anamanga mpanda mu foni yanu

Pa 5 Okutobala 2011 dziko linalira maliro a Steve Jobs. Patangotha sabata, Dennis Ritchie anapezeka atamwalira kunyumba kwake ku Berkeley Heights, New Jersey, ali ndi zaka 70. Za iyeyu sizinamveke kwenikweni, chonsecho foni muli nayo m'manjayo ikuyendera nzeru zake.

Ritchie anabadwa pa 9 Seputembala 1941 ku Bronxville, New York. Anaphunzira physics ndi masamu ku Harvard, ndipo mu 1967 analowa ntchito ku Bell Labs, komwenso bambo ake ankagwira.

Kumeneko, kuyambira 1969, iye ndi Ken Thompson anapanga Unix. Imeneyi ndi operating system, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, monga ilili Windows. Ritchie anayambitsanso C, chinenero cholembera mapulogalamu, ndipo mu 1973 analembanso Unix m'chinenerochi. Mu 1983 awiriwa analandira Turing Award.

Masiku amenewo anthu ambiri ankagawana kompyuta imodzi, ngati alendi pa mdadada. Ndiye mu Unix fayilo iliyonse ili ndi mwini wake, komanso malamulo onena amene angaiwerenge, kuisintha kapena kuiyendetsa. Koma pali landilodi, wotchedwa root, amene amasunga makiyi a zitseko zonse. Wakuba akangokhala root, basi zatha.

Mkuluyu sanabise zofooka za ntchito yake. Analemba yekha kuti popanga Unix, chitetezo sichinali patsogolo. Mu 1988 zinaonekadi: pulogalamu yodzifalitsa yokha, Morris worm, inasokoneza makompyuta a Unix masauzande pa intaneti.

Komabe mpandawo ulipo mpaka lero. Ma iPhone ndi ma Mac anachokera kubanja la Unix, ndipo Linux, imene ili mkati mwa Android, inatengera kapangidwe komweko. Android imaika app iliyonse m'chipinda chakechake, n'chifukwa chake gemu singasuzumire mafayilo a app yanu ya kubanki. Windows ndi ya mtundu wina, koma nayonso imasiyanitsa administrator ndi wogwiritsa ntchito wamba.

Ndiye posankha foni kapena laputopu, musatengeke ndi zoti iyi sibedwa. Yoteroyo kulibe. Funsani ngati ikulandirabe ma update otseka mipata, ndipo dziwani amene ali ndi makiyi. Wokonza mafoni akakuuzani kuti aipange root kuti izichita zambiri, dziwani kuti akugumula mpanda umene ukutchinga ndalama zanu.