James Frederick Sangala, Mwana wa ku Naisi

Anzanga, mukagwira ndalama ya K100 yang'anani nkhope iri pamenepo. Amenewo ndi Bambo James Frederick Sangala, amene anabadwira ku Naisi, kufupi ndi Zomba kwathu kuno, ca m'ma 1900. Poyamba anali mphunzitsi, pambuyo pace nakhala kalaliki wa Boma.

Masiku amenewo anthu akuda anali ndi timabungwe tao m'maboma ndi m'zigawo, monga North Nyasa Native Association ka 1912. Kali konse kanali kudandaula pa kokha, ndipo Bwanamkubwa ku Zomba sanali kubvutika nato. Bambo Sangala anaona kuti mau obalalika samveka. Analemba makalata ku madera onse, nacititsa msonkhano ku Blantyre mu 1943, ndipo mu October 1944 Nyasaland African Congress inabadwa. Pulezidenti woyamba anali Levi Mumba wa kumpoto, osati iwo, ndipo ine ndiona ulemu wao pamenepa.

Anatsogolera Congress kuyambira 1954, nakana Citaganya ca 1953 kolimba, koma osafuna ciwawa. Anyamata ena a m'Congress anawayesa ofatsa kwambiri. Mu 1957 anatula pansi udindo, ndipo mpando unapita kwa T.D.T. Banda.