Martin Niemöller: Msilikali wa Pamadzi Amene Adasanduka Mbusa

Martin Niemöller adabadwa pa 14 January 1892 ku Lippstadt m'dziko la Germany. Ngakhale adali mwana wa mbusa, mtima wake udali panyanja, kotero kuti m'chaka cha 1910 adalowa usilikali wa pamadzi. Pofika 1918 adali mkulu wa sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, yomwe inkamiza zombo za adani m'nyanja ya Mediterranean.

Nkhondo itatha adaphunzira zaubusa, nadzozedwa m'chaka cha 1924. Koma kuvala mkanjo sikudachotse msilikali m'kati mwake. Kugonja kwa dziko lake kunkamuwawabe, ndipo pamene Adolf Hitler adatenga boma mu 1933, mbusayu adakondwera. Chimene chidawadanitsa ndi lamulo lakuti abusa obadwira mu mtundu wa Ayuda achotsedwe pa ntchito. Niemöller adasonkhanitsa abusa anzake zikwizikwi kuti akane lamulolo. Komabe iye ankamenyera ufulu wa mpingo. Za Ayuda ena amene ankazunzidwa kunja kwa tchalitchi adangoti chete.

Adamangidwa pa 1 July 1937, nakhala kundende za Sachsenhausen ndi Dachau kufikira 1945. Chodabwitsa n'chakuti nkhondo yachiwiri itayamba mu 1939, mkaidiyu adapempha kuti abwerere ku usilikali wa pamadzi, koma adamukaniza.

Ku Dachau n'kumene kusintha kudayambira. Usiku wa Khirisimasi wa 1944 akaidi anzake ochokera ku Holland, Norway, Britain ndi Yugoslavia adampempha kuti awadyetse Mgonero wa Ambuye. Onsewa adali a maiko amene Germany idawathira nkhondo, ndipo munthu amene kale ankamiza zombo za Angerezi adanyema mkate pamodzi nawo.

Atamasulidwa akadatha kudzitama kuti manja ake ndi oyera, popeza adavutika zaka zisanu ndi zitatu. Iye sadatero. Atabwerera ku Dachau ndi mkazi wake Else, adawerenga chikwangwani chonena za anthu ophedwa kumeneko kuyambira 1933. Chaka chimenecho chidamulasa mtima, pakuti kuyambira 1933 mpaka 1937 iye adali mfulu, akulalikira m'tchalitchi chake cha Dahlem ku Berlin, osanenapo kanthu za akaidiwo.

Mu October 1945 iye ndi atsogoleri ena a mpingo adasaina chikalata ku Stuttgart, chovomera pamaso pa Akhristu a maiko ena kuti mtundu wawo udadzetsa masautso osaneneka ndipo mpingo nawo uli ndi mlandu. Chikalatacho sichidatchule Ayuda, ndipo chimenecho ndi chilema chake chachikulu. Ngakhale chidali chofewa chotero, anthu ambiri a ku Germany, amene mizinda yawo idali mabwinja, adapsa mtima namutcha wogulitsa dziko. Iye adayendayendabe m'mizinda kulalikira kulapa, akuyamba ndi kuulula tchimo la iye mwini.

Mu 1954, atakambirana ndi Otto Hahn ndi akatswiri ena za kuopsa kwa mabomba a atomu, adakaniratu nkhondo ya mtundu uliwonse. Ulendo wake wa ku Moscow mu 1952 ndi wa ku Hanoi mu 1967, kwa anthu amene ambiri kwawo ankawayesa adani, udampangira adani atsopano. Adamwalira ku Wiesbaden pa 6 March 1984, ali ndi zaka 92.