Norman Carr, Kakuli wa m'cigwa ca Luangwa

Owerenga athu amene amakhala m'mbali mwa mseu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe amawadziwa alendo a kunja amene amadza m'nyengo ya cilimwe, atabvala zobvala za mtundu wa udzu wouma, makamera ali m'khosi. Ambiri a ife timadabwa kuti munthu angacoke ku Ulaya kapena ku America, nataya ndalama zimene wasunga zaka zingapo, kudzangoyang'ana njobvu, comwe ife timacithamangitsa m'munda usiku ndi ng'oma ndi nsakali za moto. Ulendo wotere suyamba mwa dzidzidzi. Mlendoyo amaukonza kukali miyezi yambiri: amasankha nyengo, amalembetsa malo ogona, amagula mankhwala a malungo, nagawa masiku a mwezi wace pakati pa Luangwa, Kafue ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Koma njira imene amatsata akafika m'cigwa, yoyenda pansi pakati pa zilombo, inalambulidwa ndi munthu mmodzi amene anamwalira mu 1997. Dzina lace ndi Norman Carr.

Carr anabadwa pa 19 July 1912 ku Chinde, doko la kumathiriro a mtsinje wa Zambezi, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Masiku amenewo Chinde linali khomo lolowera ku Nyasaland, popeza zombo za pa nyanja zinali kutsitsa katundu kumeneko, ndipo zombo zazing'ono zinali kukwera naye mtsinje. Makolo ace anamtumiza ku England kukaphunzira, koma mtima wace unatsala kuno. Atabwerera ku Nyasaland anagwira mfuti nakhala mlenje wa njobvu, ndipo pa tsiku limene anakwanitsa zaka 20 anapha njobvu yace ya 50. Tisabise mau pamenepa. Munthu amene dziko linadzamlemekeza monga mtetezi wa nyama anayamba moyo wace ndi kuzitha, ndiponso anacita zimenezi pa nthawi imene malamulo a atsamunda anali kumanga munthu wakuda cifukwa ca nyama ya ndiwo.

M'zaka za m'ma 1930 analowa nchito ya boma la Northern Rhodesia, yoombera njobvu zoononga minda ya anthu m'cigwa ca Luangwa. Nchito imeneyi inamyendetsa pansi mudzi ndi mudzi, nagona m'misasa, namva madandaulo a alimi amene nkhokwe zao zinaphwasulidwa usiku umodzi. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itabuka anakatumikira m'gulu la King's African Rifles, ndipo itatha anabwerera ku cigwa monga woyang'anira nyama.

Apa ndi pamene maganizo ace anatembenuka. Anaona kuti lamulo loletsa kusaka silingagwire nchito pamene mwini dziko sapezapo kanthu. Munthu wa kumudzi anali kuona nyama monga ndiwo kapena monga mdani wa munda wace, ndipo analibe cifukwa cina coisungira. Carr anapita kwa Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda ndi ganizo limene panthawiyo linali lacilendo: kuti mfumu ipatule gawo la dziko lace kuti nyama zisaphedwemo, amangemo msasa wa alendo, ndipo ndalama zimene alendowo adzalipira zilowe m'thumba la ufumu wa Akunda. Mfumu inabvomera, ndipo mu 1950 msasa wa Nsefu unayamba kulandira alendo. Unali msasa woyamba wa mtundu wotere m'dziko muno.

Mabuku ambiri a Azungu amatamanda Carr yekha pa nkhani imeneyi, koma ife tiyenera kukumbukira kuti dziko linali la Akunda, ndipo amene anasenza mtolo wolemera ndi mfumu. Kuuza anthu ako kuti aleke kusaka m'nkhalango imene makolo ao anasakamo, cifukwa ca ndalama za alendo amene sanaoneke n'komwe, si nkhani imene mfumu ingaigamule mopepuka.

Pambuyo pace boma linamtumiza kukayang'anira nkhalango ya Kafue, yaikulu koposa zonse m'Zambia. Kumeneko, mu 1957, analandira ana a mkango awiri aamuna amene mai wao anaphedwa. Anawacha Big Boy ndi Little Boy, nawalera pa msasa pace. Kulera mwana wa mkango ndi kosabvuta poyerekeza ndi kumphunzitsa kudzisakira yekha, pakuti mkango wozolowera kulandira nyama m'manja mwa munthu umafa ndi njala m'thengo, kapena umasanduka cilombo ca pa khola. Carr anasamukira nayo ku Luangwa, nayenda nayo m'thengo kufikira inadziwa kugwira nyama yokha, ndipo anaisiya kumpoto kwa cigwa. Nkhani yace anailemba m'buku lochedwa Return to the Wild, limene linatuluka mu 1962. Bukulo linawerengedwa m'maiko ambiri, ndipo anthu amene sanamvepo za Luangwa anayamba kufunafuna dzinali pa mapu.

Atasiya nchito ya boma anatsegula kampani yoperekeza alenje a kunja. Koma m'kupita kwa nthawi anazindikira kuti alipo alendo ena amene afuna kutsata mapazi a njati ndi kumva mtima ukugunda, koma osafuna kupha. Njati yophedwa imalipiridwa kamodzi. Njati yamoyo ingaonedwe ndi alendo caka ndi caka. Motero anayambitsa maulendo oyenda pansi, makamaka kucokera pa msasa wa Chibembe, ndipo dongosolo limene anakhazika ndi limene likutsatidwa kufikira lero. Alendo amayenda owerengeka, pa mzere umodzi. Patsogolo pamakhala msilikali wa zanyama ndi mfuti, pambuyo pace wolongosola za m'thengo, ndipo kumapeto wonyamula madzi ndi tiyi. Amanyamuka mbandakuca, naima dzuwa likakwera, ndipo amayenda moyang'anana ndi mphepo kuti nyama zisamve pfungo lao. Mlendo amauzidwa asananyamuke kuti cilombo cikaturukira asathamange, koma amvere amene ali patsogolo.

Nzeru zimene alendo amalipirira pa ulendo wotere ndi zomwe agogo athu anali nazo kale: kudziwa ngati ndowe ya njobvu ndi ya usiku kapena ya dzulo, kusiyanitsa phazi la fisi ndi la nyalugwe, kumva kukuwa kwa anyani ndi kuzindikira kuti mkango uli pafupi. Carr anaziphunzira kwa alenje ndi otsata mapazi a m'cigwa amene anayenda naye zaka zambiri.

Mlendo wokonza ulendo wace ayenera kutsata kalendala ya cigwa, osati yace. Maulendo a pansi amacitika kuyambira June kufikira October, pamene udzu wagwa ndipo nyama zasonkhana ku mtsinje ndi ku madambo otsala ndi madzi. October ndiye mwezi wa nyama zambiri, komanso wa kutentha koopsa. Mvula ikagwa mtsinje umasefukira, miseu imasanduka matope, ndipo misasa yaing'ono ya udzu imapasulidwa kudikira cilimwe cina. Amene wafika pa nthawi yace amaona mvuu zitadzaza maiwe, ndi nyamalikiti ya mtundu wa Thornicroft imene sipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi.

Mu 1972 boma la Zambia linakhazikitsa nkhalango ya South Luangwa monga paki ya dziko, ndipo dera la Nsefu linalowa m'menemo. Koma zaka zotsatira zinali zowawa. Mitengo ya minyanga ya njobvu ndi nyanga za cipembere inakwera ku maiko a kunja, cuma ca dziko cinabvuta mkuwa utatsika mtengo, ndipo magulu a opha nyama mobisa analowa m'cigwa ndi mfuti za nkhondo. Carr anali mmodzi wa amene anayambitsa bungwe la Save the Rhino Trust kuti litumize asilikali a zanyama kukalonda m'thengo. Nkhondo imeneyo anaigonja. Zipembere zimene anali kukumana nazo pa ulendo uli wonse ali mnyamata zinatha iye akuona.

Pakati pa zaka za m'ma 1980 anamanga nyumba ya alendo ya Kapani pafupi ndi Mfuwe, nakhala kumeneko masiku ace otsala. Anapempha alendo ace kuti athandize kulipirira sukulu ana a m'midzi yozungulira, ndipo thumba limenelo linaphunzitsa ana ambiri a Akunda. Anthu anamucha Kakuli, dzina la njati yamphongo yokalamba imene yacoka pa gulu niyenda yokha m'mbali mwa mtsinje, ndipo buku lace lomaliza, la 1996, analicha dzina lomwelo. Anamwalira pa 1 April 1997, ali ndi zaka 84.

Funso limene iye ndi Mfumu Nsefu anakambirana silinathe. Lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa mabungwe a anthu a m'midzi, ochedwa Community Resources Boards, kuti azilandira gawo la ndalama za nyama za m'madera ao. Ana ambiri a m'cigwa tsopano ndiwo amatsogolera alendo, ataphunzira ndi kupambana mayeso obvuta. Komabe mlimi wa ku Lupande amene cimanga cace cadyedwa ndi njobvu mu March ali ndi ufulu wofunsa kuti gawo lace la ndalama za mlendo uja lili kuti, ndipo mayankho amene amalandira nthawi zambiri samkhutiritsa.

Caka cimodzi Carr atamwalira, mu 1998, boma linalengeza kuti cipembere cakuda catha m'Zambia. Mu 2003 zipembere zisanu zinatsitsidwa pa ndege kucokera ku South Africa ndi kumasulidwa m'nkhalango ya North Luangwa, kumpoto kwa cigwa, dera lomwe lija iye anasiyako mikango yace iwiri.