Mwana Lesa: mneneri amene anasandutsa ubatizo kukhala manda

Werengani: Yeremiya 28, Mateyu 7:15-20

Ife a m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa timadziwa kuti madzi amene amatipatsa matemba ndi mpunga ndi omwewonso amene amamiza munthu. Mbiri ya Tomo Nyirenda ikutiphunzitsa kuti ngakhale madzi a ubatizo akhoza kupha akagwera m'manja mwa mneneri wonama.

Nyirenda anali mwana wa dziko lino, wochokera kumpoto. Anaphunzira ku mishoni ya Livingstonia, ndipo monga anyamata ambiri a nthawiyo, anapita kunja kukasaka ntchito mpaka anafika ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe m'dziko la Zambia. M'chaka cha 1925 analowa gulu la Chitawala nayamba kubatiza anthu a mtundu wa Alala m'dera la Mkushi.

Poyamba uthenga wake unali wa kulapa. Koma anthu anali ndi mantha a ufiti, ndipo iye anaona kuti manthawo ndi khomo la ulemerero. Anadzitcha Mwana Lesa, kutanthauza Mwana wa Mulungu, nanena kuti ubatizo wake umaulula mfiti. Munthu amene thupi lake silinamire lonse m'madzi ankamuweruza kuti ndi mfiti. Mothandizidwa ndi mfumu Shaiwila, oweruzidwawo anayamba kuphedwa pomizidwa. Ataolokera ku Congo, anthu oposa 100 anafa m'njira yomweyo.

Mapeto ake anali owawa. Atagwidwa, zingwe zimene anam'manga nazo zinaoletsa manja ake, amene anabatiza ndi kumiza anthu, mpaka anadulidwa. M'chaka cha 1926 iye ndi Shaiwila ananyongedwa.

Sitikondwera ndi imfa ya wochimwa, pakuti Mulungu sakondwera nayo. Koma Malembo sabisa kuti wonamizira dzina la Yehova sapulumuka chiweruzo. Hananiya analonjeza Ayuda mtendere wabodza, ndipo anafa patangopita miyezi iwiri. Nyirenda sanathe ngakhale zaka ziwiri.

Komabe Nyirenda sanamize anthuwo yekha. Panali omugwirira miyendo, oimba nyimbo pagombe, ndi ena amene anangokhala chete pamene agogo awo ankakokeredwa kumtsinje. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa kuno ku Phalombe ndi ku Mulanje, ndipo ophawo anali anthu a m'midzi mwathu momwe.

Tsono akabwera munthu wonena kuti Mzimu wamuonetsa amene anatilodza, tiyese zipatso zake. Ngati uneneri wake ukulekanitsa mwana ndi mayi wake, ngati ukuloza chala nkhalamba yopanda woiteteza, sunachokere kwa Khristu. Mwana weniweni wa Mulungu anafera ochimwa, sanawaphe.

Ambuye, tipatseni nzeru zoyesa mizimu, ndi kulimba mtima kokana kupereka m'bale wathu m'manja mwa onama. Amen.