Gautama Buddha ndi mphekesera ya ku Savatthi

Siddhartha Gautama, amene timamudziwa kuti Buddha, anabadwira ku Lumbini, m'dziko lomwe lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe. Anali mwana wa Suddhodana, mtsogoleri wa fuko la Sakya. Ali ndi zaka 29 anasiya chuma, mkazi ndi mwana wake Rahula, n'kupita kukafufuza gwero la masautso a munthu. Anayamba kuphunzitsa ali ndi zaka 35.

Kutchuka kunamubweretsera adani. Mabuku akale a chilankhulo cha Pali amasimba kuti mumzinda wa Savatthi aphunzitsi ena ansanje anapha mayi wina dzina lake Sundari, n'kukwirira mtembo pafupi ndi Jetavana, komwe iye ankakhala. Kenako anaufukula okha n'kuzungulira nawo m'misewu, akulengeza kuti ophunzira a Gautama ndiwo achita zimenezi. Mzinda wonse unakhulupirira, poti mtembo unalipodi. Ophunzirawo akapita kukapempha chakudya ankalandira matukwano. Gautama anawaletsa kubwezera, nawauza kuti phokosolo silipyola masiku 7. Linazilaladi, ndipo zolemba zina zimati akuphawo anadziulula okha atakangana pamowa.

Chotichititsa chidwi n'chakuti sanafune kuti anthu azingomeza ngakhale mawu ake omwe. Anthu a fuko la Kalama ku Kesaputta atamudandaulira kuti mphunzitsi aliyense wobwera amanyoza mnzake, anawalangiza kuti asavomereze nkhani chifukwa choti yamveka kambirimbiri, ndi yamakolo, kapena wainena ndi wolemekezeka. Aziyamba aona ngati zipatso zake zili zopweteka anthu. Pa zolankhula ankaletsa bodza, ukazitape wodanitsa abale, mawu aukali ndi macheza opanda pake.

Ife malangizowa sitiwamva ngati achilendo. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Lero uthenga wa mawu pa WhatsApp ukachoka pamsika wa Nsaru m'mawa, umafika ku Namitete ndi Kabudula nsima isanapse, ndipo woutumiza aliyense amati wamva kwa munthu wodalirika. Masiku 7 aja, gulu lonyamula miyala silikhala nawo.

Gautama anayenda wapansi m'chigwa cha mtsinje wa Ganges akuphunzitsa kwa zaka 45. Anamwalira ku Kushinagar ali ndi zaka 80, osasiya wolowa m'malo mwake.